Ndinataya Madzi Katatu

Kwathu ku Lifidzi madzi ofiira si nkhani. Mvula ikagwa kumapiri mitsinje imatsika itafiira ndi katondo, ndipo amayi amangotunga, kuika mtsuko pambali kuti matope akhale pansi, kenako n'kuphikira. Ndinakula ndikumwa madzi otero ndipo sindinadwalepo nawo. N'chifukwa chake pamene ndinaona nyanja yaikulu itafiira, kudziko la eni kumene ndinkagwira ntchito, sindinachite mantha ngakhale pang'ono. Ndinkaseka anthu amene ankaopa, ndipo amene ankaseka nane limodzi anali alamu anga, a Gasipala.

A Gasipala anali amuna a achemwali anga, a Rozina. Achemwaliwa ndiwo anandilera amayi atamwalira, ine ndidakali woti mamina azindipukuta. Alamuwo anali munthu wamtali, woimba kwaya, wokonda nthabwala ndi chakudya mofanana. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene mudzi wonse unkawaseka nalo: sankamaliza mbale. Kaya njala iwapweteke bwanji, ankadya n'kusiyako chigawo, kuvundikira ndi mbale ina, ati mwina pali munthu ali m'njira. Achemwali ankachita kuwakalipira kuti akunenepetsa amphaka.

Kudziko la eni kuja ine ndinayamba kupita ndekha. Ndinadutsa Joni, ndinapitirira mpaka kumadzulo kwenikweni kumene dziko limathera m'nyanja yozizira, kuminda ya mbatata ya kachewere. Nditabwera kudzaona kumudzi ndinali ndi jekete lachikopa, foni, ndi matama osayamba. Chaka chimenecho chiwawu chinawotcha kachewere yense wa alamu kudimba, osatsala ndi phando limodzi lomwe. Anayamba kundizembera madzulo aliwonse kuti ndiwatenge. Achemwali anakana kwamtuwagalu, koma ine ndi pakamwa pangapa ndinawagonjetsa. Ndinati ntchito yake ndi ya kachewere yemweyu amene tinabadwira, palibe mgodi, palibe chogwera munthu.

Tsiku lonyamuka anatiperekeza mpaka ku Ulongwe. Shapa, minibasi ya kwathu, itadzaza, wothandiza dalaivala akumenya chitseko, achemwali anandigwira dzanja la jekete lija pawindo.

"Wawatenga ndiwe," anatero. "Udzawabweze ndiwe."

"Achemwali, mukuyesa ndikukawagulitsa?" ndinayankha choseka.

Iwo sanaseke. Anangotula dzanja langa, shapa n'kunyamuka.

Za m'njira sindikumbuka zambiri, kupatula kutentha kwa ku Tete kumene kunawavula alamu malaya, ndi mapazi otupa titakhala m'basi masiku angapo. Mapepala athu anali a alendo ongodzacheza, ndipo anatha mphamvu tisanazolowere n'komwe mphepo ya kumeneko. Kuyambira pamenepo tinkakhala ngati mbewa, tikaona galimoto ya apolisi pamsewu tinkalowa m'tchire.

Munda wake unali mchenga wokhawokha, woyera, wopanda chulu kapena mtengo. Madzi ankathira ndi mpope wautali wokhala pa matayala, umene unkayenda wokha kuzungulira munda ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Tsiku loyamba alamu anafukula phando limodzi ndi manja, anaona mbatata zikuluzikulu zosalala, n'kupukusa mutu.

"Alamu, mbatata ya kuno ilibe ulemu. Ife kwathu timaipangira mizere, timaithirira manyowa, timaipempherera, ikukana. Kuno ikubereka pamchenga ngati nkhuku yosowa chisa."

Tinkatola m'mbuyo mwa thirakitala kuyambira kum'mawa, msana uli chiweramire, mphepo ikutithira mchenga m'maso ndi m'mano. Tinkagona m'nyumba yaitali ya zipinda zambiri, asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Munali a ku Zimbabwe, a ku Lesotho, a ku Malawi awiri ochokera ku Dedza amene tinkangoti ndi abale, ndiponso bambo wina wachikulire wa ku Inyambane, a Alubeto. Amenewa anali mwana wa msodzi, anakulira m'mphepete mwa nyanja, ndipo tinkamvana nawo m'Chipwitikizi. Anali munthu wosalankhulalankhula, wotsokomola, wosoka yekha nsapato zake. Ndikadwala ndiwo ankandiphikira phala.

Chimene chinkativuta kwambiri chinali ndiwo. Sitolo inali kutali, ndipo galimoto ya patarawu, mwini munda, inkatipititsa kumeneko ikafuna. Kabichi, mapazi a nkhuku, kabichi. Ndiye Lamulungu lina a Alubeto anatitenga kunyanja, ulendo wa ola limodzi kudutsa milu ya mchenga. Madzi atabwerera m'mbuyo anationetsa nkhono zakuda za zigoba ziwiri, zomatirira pamiyala mothithikana. Anazigwebula ndi mpeni, anaziwiritsa m'chitini pomwepo, zigoba n'kuyasama zokha.

Ife a kumapiri nkhono sitidya. Munthu wodya nkhono kwathu amuimba nyimbo. Ine ndinalawa nkhope nditaikwinya, koma alamu atangoika imodzi m'kamwa anatseka maso.

"Alamu," anatero, "izi musakanene kumudzi."

Kuyambira tsiku limenelo Lamulungu lililonse tikatha mapemphero tinkapita kumiyala. Ophika ndinali ine, chifukwa m'chipinda chathu ndine ndinkadziwika ndi mphika. Ndinkazikazinga ndi anyezi, tomato ndi tsabola, mpaka a ku Lesotho ankabwera ndi mbale zawo.

Luso lophika ndinalitenga kwa achemwali, ndipo ndinalitenga m'chaka cha njala. Chaka chimenecho tinapulumukira kalongonda, nyemba zija zimene ukaphika mwaulesi zimakuzunguza mutu, kukusanzitsa, ena mpaka kuvula zovala. Achemwali anandikhazika pamoto tsiku lonse n'kundiphunzitsa: uwiritse, utaye madzi akudawo, usende makoko, uthire ena, uwiritsenso, utayenso. Ukatero ulawe pang'ono wekha, udikire, usanapatse munthu. Pamudzi pathu mabanja ena analedzera naye kalongonda, koma pakhomo pathu ayi. Ndinakula ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe ululu umene moto ndi madzi atatu sangauchotse. Chinangwa chowawa timachiviika, bowa wina timamufutsa, ndiye chingatikanike n'chiyani? Ndinkanena zimenezi mokweza, kangapo konse, kwa aliyense wofuna kumva.

Kumapeto kwa nyengo yotentha mphepo ija inaleka mwadzidzidzi. Kunangoti zii masiku angapo. Kenako kunayamba kubwera fungo lochokera kunyanja, la mazira oola, lolowa mpaka m'mabulangete. Titapita kukaona tinapeza madzi afiira ngati otsukira nyama, kuyambira pagombe mpaka kumene maso amalekeza. Nsomba zinali mbuu pamchenga. Nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja, zimene azungu amazigula modula, zinkatuluka zokha m'madzi n'kumafera kumtunda. Anthu a boma anabwera n'kukhoma zikwangwani zojambulapo nkhono zathu zija, atazidula ndi mzere wofiira. Kapitawo naye analengeza m'mawa tisanakwere thirakitala kuti munthu asayerekeze kutola kanthu kunyanja.

Sindinganame kuti sindinamve. Ndinamva zonse, ndipo a Alubeto anandibwerezera m'chinenero chimene ndimachidziwa bwino.

"Kufiira uku si dothi," anandiuza. "Ndi tindere ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, tachulukana m'madzi. Nkhono zimamwa madziwo usana wonse, ululu n'kutsalira m'thupi mwawo. Izo sizifa. Amafa ndi amene wazidya."

"Tikaziwiritsa?"

"Moto suchotsa."

"Tikataya madzi?"

"Ngakhale utaye. Ndipo madzi akayera usati zatha. Nkhono zimasunga ululuwo milungu yambiri. Kwathu tinaika anthu atatu a nyumba imodzi."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinkati awa ndi anthu a kunyanja, ophika mothamanga, chakudya chikangofunda akuti chapsa. Sanaphikepo kalongonda.

Patapita masiku mphepo inabwerera ndipo nyanja inayera, kubiriwira ngati kale. Galimoto ya patarawu inali itawonongeka, sitolo tinali tisanapiteko milungu iwiri, ndipo tinkadyera mchere ndi masamba a kabichi otola. Lamulungu m'mawa a Alubeto anapita kukaona mnzawo wodwala kumunda woyandikana nawo. Alamu anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana.

"Matope akhala pansi," ndinatero.

"Koma madala aja anati tidikire."

"Alamu, amene anakudyetsani kalongonda chaka cha njala, inu mukufunsira mbeta pakhomo pathu, anali yani? Munavula?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutenga thumba. Mawu anga amenewa ndi amene ndimawamva mpaka lero ndikakhala ndekha kumunda.

Chikwangwani chinali chikadalipo ndipo tinachilambalala. Nkhono zinali zonenepa, zotseka bwino, zosanunkha. Mbalame zinkatera pamiyala pomwepo. Tinadzaza thumba n'kubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Ndinaziwiritsa, ndinataya madzi. Ndinazichotsa m'zigoba, ndinathira madzi ena, ndinawiritsa, ndinataya. Kachitatu chimodzimodzi, mpaka zinachita kukwinyika. Kenako ndinazikazinga ndi tsabola wambiri. Anzathu a ku Dedza ndinawaitana koma anakana, ati iwo amvera kapitawo, ndipo ndinawatcha amantha.

Monga mwa mwambo wa achemwali ndinalawa ndekha poyamba. Ndinadya zinayi, n'kukhala pakhomo kudikira. Patapita kanthawi milomo inayamba kunyerenyetsa pang'ono, ngati mwayenda nyerere. Ndinadziuza kuti ndi tsabola. Ndinkafuna kuti akhale tsabola, chifukwa ndinali nditalankhula kale zambiri pamaso pa anthu.

"Zili bwino," ndinawauza alamu.

Nthawi yomweyo kapitawo anafika panjinga kudzanditenga. Tayala limodzi la mpope wothirira linali litatitimira mumchenga, ndipo ine ndinali m'gulu lokonza. Ndinawauza alamu kuti ayambe kudya, ndiwapeza.

Kumundako zala zinayamba kuchita dzanzi, sipanala inkandipulumuka m'manja. Ndinati ndi kuzizira kwa chitsulo. Koma pobwerera miyendo inkaponda ngati pansi pali patali. Ndinayamba kuthamanga.

Ndinawapeza atakhala pansi panja, atatsamira khoma, dzuwa likuwawomba kumaso. Pambali pawo panali mbale yovundikira ndi mbale inzake, pamwamba atatsindikapo mwala kuti amphaka asagwetse. Anali atandisungira chigawo changa.

"Alamu," anatero, mawu akukokeka ngati a munthu woledzera, "milomo yanga sindikuimva. Manjawa akukana."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kumandiwawa kuposa koyamba. M'malo mothamangira kwa patarawu, ndinaganiza za mapepala athu. Ndinaona apolisi, ndinaona tikutsekeredwa, tikubwezedwa kumudzi chimanjamanja. Ndinati ndi kuledzera kwa kalongonda kumeneku, kumatha munthu akasanza. Ndinasinja makala, ndinasungunula mchere m'madzi, ndinawamwetsa. Madzi ankangotayikira pachifuwa chifukwa kumeza kunkawavuta. Ndinawakupiza ndi katoni, ndikuwauza kuti zitha posachedwa. Anzathu anazungulira, wina akuti mkaka, wina akuti mafuta ophikira. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, koma mthunzi wa khoma unasuntha.

A Alubeto atafika anangoona zigoba zili mulu kuseri kwa chitseko. Sanandikalipire. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutembenuka, bambo wachikulire wotsokomola uja, kuthamanga mpaka kunyumba ya patarawu.

Anatitenga pa galimoto ya mkazi wa patarawu, yotsegula kumbuyo. Msewu unali wamiyala, chipatala chili kutali. Mutu wa alamu unali pamiyendo panga. Maso awo anali otsegula, ankandiona bwinobwino, nzeru zonse zilipo, koma thupi linkazima pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Anayesa kulankhula ndipo ndinaweramira pakamwa pawo.

"Mayi a ana... musakawauze kuti ndi nkhono. Anthu adzaseka ana anga."

"Mukawauza nokha, alamu. Tafika kale."

Sitinali titafika. Chifuwa chawo chinkakwera pang'ono, pang'ono, kenako chinaleka tisanalowe mumsewu wa tala. A Alubeto anayesa kuwapumira m'kamwa mpaka pachipata cha chipatala, koma sizinathandize.

Inenso anandigoneka masiku awiri. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, ndipo anandifotokozera kudzera mwa a Alubeto. Ananena zomwe zija ndinauzidwa kale, kuti ululu umenewu suopa moto, ndipo ngakhale ndikanataya madzi kakhumi kapena kazana, ukanatsalabe m'nyama ya nkhonoyo. Anati mankhwala ake palibe. Chimene amachita n'kumuika munthu pa makina omupumira mpaka ululu utatuluka wokha m'thupi, tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amadzuka n'kupita kwawo. Ndinafunsa kuti tikanafika msanga bwanji. Mayiyo anayang'ana a Alubeto, a Alubeto anayang'ana pansi. Za mapepala athu palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa.

Tinawaika komweko, m'manda a mchenga kuseri kwa tauni, chifukwa kunyamula maliro ulendo wonse uja sitikanatha. A ku Zimbabwe anaimba nyimbo zawo, a ku Dedza anaimba zathu. Ine ndinatapa mchenga wa pamanda n'kuumanga m'kansalu. Madzulo ake ndinaimba foni kumudzi. Achemwali atafunsa kuti chawatenga n'chiyani, ndinati chibayo, mphepo ya kunyanja ndi yoipa. Ndinadziuza kuti ndikusunga mawu a malemu. Zoona zake n'zakuti mawu a malemuwo anandipatsa pobisala, ndipo ndinabisalapo mokondwa.

Ndinakhalanso zaka zitatu osabwera, osati chifukwa chokonda ntchito koma kuopa nkhope ya achemwali. Kunyanja sindinapondekonso. Mphika ndinausiyira ena. A Alubeto sanaitchulenso nkhaniyo, koma tsiku limene ankabwerera kwawo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mlongo wako ali ndi ufulu wodziwa." Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa mkazi wanga, amene ndinamusiya kumudzi, ndi kwa achemwali, kuti ana a malemu asasiye sukulu.

Pobwera ndinafika ndi malata, njinga yamoto, sutikesi ya alamu ndi kansalu ka mchenga kaja. Sindinaganize n'komwe mmene zinthu zimenezi zidzaonekere m'maso mwa anthu. Sabata isanathe manong'onong'o anali ponseponse: anapita awiri, wabwera mmodzi ndi njinga yamoto, mtembo sitinauone. Ankati ndinakhwimira alamu anga kuti ndilemere. Kumsika wa ku Domwe amayi ena ankakoka ana awo ndikamadutsa. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo ambiri. Zinkandipsetsa mtima, ndipo kangapo ndinafuna kumenya munthu, koma ndikanayankha chiyani? Bodza lawo linali pafupi ndi zoona kuposa chibayo changa.

Achemwali sananditukwane, sanandinene kwa ankhoswe, sanapite kwa sing'anga. Analandira sutikesi ndi mchenga uja ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo achimwene. Munthu amene anandisambitsa ndili mwana anayamba kundipatsa ulemu wa mlendo. M'nyumba mwanga sankalowa. Chakudya chochokera kwa ine sankadya. Nditakolola kachewere woyamba ndinawatulira thumba lathunthu pakhonde, ndipo patapita miyezi ndinalipeza kuseri kwa khitchini lili chimangire, mbatata zitamera mpaka kuboola thumba. Zinakhala choncho zaka zinayi, makomo athu atayang'anana, pakati pali munda wa nyemba wokha.

Chaka chathachi mvula inadula chimanga chili m'maondo, ndipo pofika mwezi wa njala nkhokwe zambiri zinali mbee. Achemwali ndinawatumizira ufa kudzera mwa mkazi wanga koma unabwerera. M'mawa wina ndikupita kudimba ndinadutsa kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ndinawaona atanyamula mphika ndi zitsamba, akukhuthula madzi akuda patsinde pa nthochi. Fungo la kalongonda linandipeza pamene ndinaima. Ndinatula khasu, ndinalowa pabwalo, n'kukhala pansi penipeni pafumbi, ngati mwana wolakwa.

"Achimwene, mpando uli apowu," anatero osandiyang'ana.

"Pomwe pano pali bwino. Achemwali, alamu sanafe ndi chibayo."

Anaika mphika pamafuwa pang'onopang'ono. Anathira madzi ena, anasonkhezera moto, kenako anakhala pamphasa, manja ali pamiyendo.

"Ndikumva."

Ndinawauza zonse. Za nkhono, za madzi ofiira, za chikwangwani chimene tinachilambalala, za a Alubeto ndi mawu awo onse. Ndinawauza kuti wophika ndinali ine, kuti milomo inandichenjeza ine n'kunena kuti ndi tsabola. Ndinawauza za makala ndi mchere, za mthunzi wa khoma, za makina opumira amene anali kutidikira kuchipatala. Ndinawauzanso zimene malemu anapempha pagalimoto, ndi kuti ine ndinazigwiritsa ntchito podzitchinjiriza ndekha. Sanandidule mawu ngakhale kamodzi.

Nditamaliza anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Madzi munataya kangati?"

"Katatu. Monga munandiphunzitsira."

"Katatu," anabwereza, akuyang'ana mphika wawo. "Ndiye ndine ndinakuphunzitsa."

"Iyayi, achemwali. Inu munandiphunzitsa kalongonda. Za kunyanja anandiphunzitsa eni ake, ine n'kukana kumva. Dokotala anati ngakhale kazana sizikanatheka. Mlandu ndi wanga ndekha."

Mphika unayamba kubwata.

"Anthu akhala akundiuza kuti unawapereka kwa sing'anga wa ku Joni," anatero. "Ine sindinavomere, sindinakanenso. Ndinkangodziwa kuti ukunama, chifukwa ukanama umayang'ana kumapazi kuyambira uli mwana. Ndiye lero ndidziwa bwanji kuti iyi ndiyo yoona? Iwe unadya zinayi zokha, iwo n'kudya mphika wonse?"

"Sanamalize. Nditabwera kumunda ndinapeza andisungira. Anavundikira ndi mbale, pamwamba n'kuikapo mwala."

Achemwali anagwira kumutu ndi manja onse awiri n'kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene anthu amati sanalire ngakhale tsiku limene uthenga unafika.

"Ndi iwowo! Mayo ine, ndi iwowo! Ankaopa amphaka!"

Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba kuyesa kwagwa zovuta. Ine ndinangokhala pafumbi paja ndikulira nawo, osayerekeza kuwayandikira. Atatonthola anapukuta nkhope ndi chitenje, anaimirira, anaphula mphika kukataya madzi achiwiri.

"Pita kudimba," anatero atandifulatira. "Sindinganene kanthu lero. Ana ndiwauza ndekha, ndipo aliyense woseka bambo awo adzaonana ndi ine."

Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo mpaka lero sananene. Milungu inadutsa tikungopatsana moni wa m'njira. Manong'onong'o ena anatha, ena anasintha n'kukhala akuti ndine chitsiru chodyetsa mlamu wake nkhono, ndipo amenewo ndimawalandira chifukwa ndi oona.

Kachewere wa kudimba atakhwima ndinapita kukakumba ndekha. Dzuwa litakwera ndinamva mapazi kumbuyo. Anali achemwali, atanyamula dengu lopanda kanthu. Sanandipatse moni. Anawerama mumzere umene ndinali nditafukula n'kuyamba kutola, akusankha zazikulu, kuzipukuta dothi ndi chala, kuponya m'dengu. Ine ndinapitiriza kukumba, misozi ikugwera pampini. Dengu litadzaza anapinda nkhata n'kundiyang'ana.

"Tandisenza," anatero. "Koma kophika ndikaphika ndekha."

Ndinawasenza.